Tikugulitsa Sitifulumira

Andipatsa ine cholembera poti ndine mlembi wa bungwe.
Akuti lemba mwachidule: utali, mtengo, nambala ya foni.
Ndakhala padoko la Matundo chiyambire m'mawa,
dzuwa la Tete likuwamba msana,
pepala lanyowa ndi thukuta la m'manja.

Ikugulitsidwa: pantoni yakale, mamita khumi ndi asanu ndi atatu.
Apo ndalemba bwino.
Injini imodzi ndi yamoyo, inayo imatsokomola mu Juni.
Apo ndafufuta.

Tinaipeza itagona chammbali mumchenga wa Zambezi,
mlatho utailanda ntchito,
abuluzi akuwothera dzuwa pomwe pankaima malole a thonje.
Fulujensiyo anaigogoda ndi sipanala, natchera khutu ngati namwino,
nati: iyi sinafe, yangonyanyala.
Miyezi isanu ndi inayi tikupala dzimbiri
mpaka malovu athu ankamveka chitsulo.
Mayi Olinda anapempha utoto wotsala kusukulu,
n'chifukwa chake mutu ndi wachikasu, thako lobiriwira.
Mabenchi tinatola kutchalitchi atagula mipando ya pulasitiki,
lina likadali ndi mawu akuti Kwaya ya Amayi.

Dzina linabwera lokha tsiku loyamba
pamene mwana wopalasa bwato anatipitirira, akudya chimanga.

Wogula iwe, ndikuuze chiyani?
Kuti Zefa anakwatiwira pano,
keke n'kutsetserekera m'madzi mvuu itafwenthera pafupi,
mkwati n'kuseka mpaka kukhala pansi ndi velo yake?
Kuti tinamanga khola la waya m'mbali mwake
ana aphunzire kusambira ng'ona zikuonerera panja?
Loweruka tinkaonera mpira pakanema wa sola pakati pa mtsinje,
pomwe mkazi sangakutume, wangongole sangakupeze.
Atamwalira a Sandifolo, amene ankaiwolotsa kale isanakhale yathu,
tinazimitsa injini pansi pa mlatho,
madzi anatitenga okha, mwakachetechete,
mpaka pomwe Revubwe amalowera.
Zimenezi sizikwana m'kabokosi ka malonda.

Tinali makumi atatu ndi mmodzi. Tatsala asanu ndi anayi.
Ena anamezedwa ndi malasha ku Moatize,
ena anabwerera ku Ulongwe kukalima mbatatesi.
Dizilo wakwera, chiphaso chatha,
pansi pakulowa madzi pang'onopang'ono ngati miseche.
M'bokosi la msungichuma muli mametikali mazana anayi
ndi batani la malaya.

Anabwera wa zitsulo wochokera ku Beira,
sanakwere n'komwe.
Anaizungulira ngati ng'ombe ya pabutchala, akuwerengera makilo pafoni.
Anabweranso mayi wina wa malo ogona alendo kufupi ndi Songo,
akuti adzaipaka yoyera, adzaipatsa dzina lina,
alendo azidzawedzerapo mcheni atavala zipewa.
Tinamuthira tiyi. Sanamwe.

Tinavota pansi pa mtondo: asanu kwa anayi.
Dzanja langa linali mwa asanuwo.
Fulujensiyo sandipatsanso moni,
koma dzulo usiku ndinamuona akumasula belu,
kulikulunga m'thumba la ufa, kulimanga panjinga.
M'buku la katundu ndalemba kuti belu kunalibe.

Tsono ndilembe chonchi:
Ikugulitsidwa, pantoni yakale, imayandama.
Imanyamula anthu makumi asanu, akavina makumi anayi.
Chiwongolero chimakokera kumanzere, musalimbane nacho,
chimakumbukira doko lakale.
Pamzati wa kutsogolo pali timizere ta msomali,
msinkhu wa ana athu chaka ndi chaka,
kapamwamba kwambiri ndi ka Ernesito, yemwe tsopano ndi msilikali.
Mukamapaka utoto, pamenepo mulambalale.

Mtengo tikambirana.
Imbani madzulo, masana ndimakhala ndikukapa madzi.
Ndipo ngati simunatsimikize mtima,
palibe vuto, bwanawe,
dzina lake mwaliona.